Atachimenti ya sayansi simaipeza podikira adivati, umu ndi mmene mungaisakire

Ikamayandikira holide yaitali foni yanga imadzadza ndi ma meseji ofanana, achimwene mundipezereko ka atachimenti kulikonse bola kukhale labu. Ndikafunsa kuti mwagogodapo kale kuti, yankho limakhala loti ayi tikudikira adivati ituluke. Aphwanga, adivati imeneyo mudzaidikira mpaka imvi. Malo ambiri ochitira kafukufuku kuno kwathu salemba mnyuzi kuti tikufuna mwana wa chaka chachiwiri adzatithandize kuyeza chimanga pa sikelo, amangotenga amene wafika pakhomo ndi kalata ya ku dipatimenti kwake nkuoneka kuti mwana uyu ali siliyasi. Nde ngati kusaka kwanu konse ndi ma gulupu a WhatsApp a ma vakansi aja, mukusaka kolakwika.

Khomo loyamba lili pa kampasi panu pomwepo ndipo anthu ambiri amalidutsa. Olo muli ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS, ku KUHeS, ku Bunda, ku MUST ku Thyolo kapena ku Mzuni, ma lekichala ambiri ali ndi ka pulojekiti kenakake, ena akupanga PhD, ena ali ndi ndalama za ma dona ndipo akusowa manja oti alowetse data mu kompyuta kapena kukatenga ma sampulo a madzi ku mijigo. Lembani dzina la lekichala wanu pa Google Scholar muone zomwe analemba zaka zitatu zapitazi, werengani pepala limodzi olo musamve zonse, kenako mupite ku ofesi kwawo nthawi yoti si ya mayeso mukanene kuti ndawerenga za nthaka mudalemba zija, pali chomwe ndingathandize holide ino? Munthu amene wawerenga pepala lawo samuiwala, chifukwa ambiri obwera pa ofesi paja amabwerera ma giredi basi.

Komanso musawaderere ma tekinishani a mu labu. Awa ndi amene amasunga makiyi, amadziwa makina ogwira ntchito ndi omwe anafa kalekale, amadziwanso lekichala amene walandira ndalama za pulojekiti mwezi uno. Ine pipeti anandiphunzitsa kugwira bwino ndi bambo wina wa mu labu amene analibe olo digiri, ndipo ndi yemweyo anandinong'oneza kuti pali adokotala ena akufuna ana awiri okawerenga mbewu ku munda. Apatseni moni, athandizeni kutsuka mabotolo pakatha pulakitiko, zinazo zimabwera zokha.

Kunja kwa kampasi malo alipo ambiri kuposa mmene anthu amaganizira, vuto ndi loti aliyense amathamangira ku Blantyre ndi ku Lilongwe ku ma bungwe awiri atatu omwewo. A zaumoyo mukudziwa kale Malawi-Liverpool-Wellcome pafupi ndi chipatala cha Queens, yomwe inayamba 1995, Johns Hopkins ili konko, ku Lilongwe kuli UNC Project pa Kamuzu Central, koma ndi angati amaganizako za MEIRU ku Chilumba ku Karonga, komwe kafukufuku anayamba 1979 ndi matenda a khate ndipo mpaka lero akutsatira umoyo wa anthu a m'midzi ya kumeneko? Ma bungwe akuluakuluwa nthawi zina amatulutsadi ma intanishipi pa webusaiti yawo koma kawirikawiri amafuna amene amaliza digiri, nde inu amene mukadali pa sukulu njira yanu ndi kudzera kwa lekichala amene akugwira nawo ntchito kale, kapena kwa wa masitazi amene akufuna womuthandiza.

A zaulimi inu nde muli ndi mwayi kwambiri ndipo sindimvetsa chifukwa chomwe mumadandaulira. Ku Chitedze, msewu wa ku Mchinji, kuli siteshoni yaikulu ya boma ndipo mumpanda momwemo muli ICRISAT a mtedza ndi nandolo, IITA a chinangwa ndi soya, CIAT a nyemba. Ku Bvumbwe kuli za zipatso ndi ndiwo zamasamba, ku Makoka thonje, ku Lifuwu ku Salima mpunga, ku Kasinthula ku Chikwawa za mthirira, ku Lunyangwa ku Mzuzu, ku Baka ku Karonga. Fodya kuli ARET, tiyi kuli Tea Research Foundation ku Mulanje. Okonda za nsomba, Monkey Bay ndi Domasi. Za mitengo kuli FRIM ndi National Herbarium ku Zomba, za miyala Geological Survey ku Zomba konko. A kemisitile musaiwale ma labu a ma Water Board, Malawi Bureau of Standards, komanso ma fakitale a shuga, a zakumwa ndi a mafuta ophikira, onsewa ali ndi ka labu koyezera ubwino wa katundu. Onani kaye komwe kuli achibale anu oti mungagone, chifukwa atachimenti ya ku Makoka mukugona kwa azakhali ndi yabwino kuposa ya ku Blantyre yomwe muisiye pakatha masabata awiri chifukwa lendi yakukanikani.

Nkhani ya nthawi nayo ndi yofunika, makamaka ku ulimi. Ntchito yambiri ku ma siteshoni imatsatira mvula, kubzala cha mu December, kuwerenga ndi kuyeza mbewu January ndi February, kukolola ndi kuyeza zokolola April mpaka May. Mukapempha malo mu September pa siteshoni yoti ilibe mthirira mudzangokhala pa benchi nkumasankha mbewu m'mapaketi. Ndipo kulikonse, pemphani kutatsala miyezi iwiri kapena itatu, osati Lachisanu pamene mukufuna kuyamba Lolemba.

Tsopano kapemphedwe kake, apa nde pamene pamafera ambiri. Yambani mwatenga kalata yokudziwitsani kuchokera kwa hedi wa dipatimenti kapena amene amayang'anira za atachimenti, yokhala ndi chidindo, chifukwa ma ofesi a boma popanda chidindo sakuwerengerani. Kenako fufuzani dzina la munthu weniweni, wasayansi amene akuchita zomwe inu mukufuna, osati kungolemba kuti kwa a manejala. Mayina amapezeka pa mapepala omwe analemba, a zaumoyo yang'anani mu Malawi Medical Journal imene ndi yaulere pa intaneti, ndipo imelo ya wolemba nthawi zambiri imakhala patsamba loyamba. Imeloyo mulemba mchizungu inde koma ikhale yaifupi yoti munthu awerenge pa foni ali pa mzere wa ku banki. Munene kuti ndinu ndani, sukulu yanu ndi chaka chomwe muli, chimene mwawerenga cha iwowo, chimene mumatha kuchita, masiku enieni amene muli omasuka kuyambira pakuti mpaka pakuti, ndiponso kuti malo ogona mwapeza kale ngati mwapezadi. Mfundo yomalizayi imatsegula zitseko, chifukwa mantha a bwana aliyense ndi oti mwanayu ndikamulola mawa ayamba kundipempha ya thiransipoti ndi pogona pomwe ine bajeti yake ndilibe.

CV ikhale tsamba limodzi. Musalembemo kuti ndine wolimbikira ntchito komanso woopa Mulungu, aliyense amalemba zomwezo, lembani ma kosi amene akukhudzana ndi ntchitoyo, ma pulakitiko omwe munachitadi ndi manja anu monga titration kapena kugwiritsa ntchito maikulosikopu, ndi mayina a ma lekichala awiri oti akaimbiridwa foni akukumbukani. Muwauze kaye, zimachititsa manyazi lekichala akamafunsa kuti ameneyo ndi uti. Ndipo chonde imelo adiresi ikhale ya dzina lanu, ija munatsegula muli Fomu 2 ya dzina lachibwana ija isiyireni Facebook.

Mukatumiza nkukhala zii, si kuti akukanani. Dikirani sabata imodzi kapena masiku khumi mukumbutse mwaulemu, ndipo ngati malowo ali pafupi pitani nokha ndi envulopu yanu ya khaki, muvale bwino, mupereke moni kwa alonda a pa geti ndi a sekilitale, mufunse dzina la amene walandira kalata yanu ndi tsiku loti mudzabwerenso. Ine ndinasiyapo kalata pa ofesi ina nkupita kunyumba kukadikira mwezi wathunthu, pobwerera ndinaipeza ili mu thireyi momwe ndinaisiya muja, yosatsegula, itachita fumbi. Pemphani malo asanu kapena asanu ndi limodzi nthawi imodzi, mmodzi akayankha bwino.

Koma mukanena kuti ndimatha chakuti, chikhale chiyani? Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene mwana wa chaka choyamba angapose wa chaka chachinayi. Pulojekiti iliyonse ili ndi data yosokonekera imene palibe akufuna kuikonza. Mukadziwa Excel bwinobwino, osati kungotayipa koma kusefa, kupeza zolembedwa kawiri, kupanga ma pivot table, mwayamba kale kukhala munthu wofunika. Mukawonjezera KoboToolbox kapena ODK, zomwe ma bungwe ambiri amagwiritsa ntchito pofunsa mafunso m'midzi ndi ma tabuleti, nkutha kupanga fomu nokha, nde basi. R yosanthulira data ndi QGIS yopangira mapu ndi zaulere, mumangopanga dawunilodi kamodzi pa wifi ya pa kampasi nkumaphunzira usiku opanda bandulo. Amene mukufuna kafukufuku wa zaumoyo pitani pa Global Health Training Centre mukachite kosi ya Good Clinical Practice, ndi yaulere, imatheka tsiku limodzi ndipo pamapeto amakupatsani satifiketi, nde mukaiphatikiza ku imelo yanu amadziwa kuti mwana uyu akudziwa kuti za odwala sitiseweretsa. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amayenera chilolezo cha komiti ngati COMREC kapena NHSRC, choncho musadabwe akakuuzani kuti simungagwire mafayilo a odwala kapena magazi dzina lanu lisanalowe m'mapepala awo, si nkhanza ayi. Ndipo ngati mukagwire za magazi funsani za katemera wa hepatitis B musanayambe.

Za ndalama tinene chilungamo, ma atachimenti ambiri salipira. Ena amapereka ka alawansi mukapita ku fildi, ena nkhomaliro, ena olo madzi. Funsani poyamba mwaulemu kuti mudziwe pokonzekera, osati kumangoyembekezera mumtima kenako nkumakwiya kumapeto kwa mwezi. Ija ya boma yodzera ku unduna wa zantchito, imene inayamba 2018, ndi ya amene amaliza maphunziro, nde inu isakusokonezeni pakadali pano. Chomwe ndimakana ine ndi kulipira kuti akupatseni malo. Wina akati tumizani ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya munthu kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa ma intani, ameneyo ndi wakuba, mublokeni. Asungwana, ndi anyamata omwe, bwana amene akufuna mukakambirane za atachimenti ku loji kapena usiku si atachimenti akufunayo, zokambirana zichitikire mu ofesi dzuwa likuswa mtengo, ndipo wina akayamba zachilendo uzani lekichala amene anakulemberani kalata uja.

Mukalowa, masabata oyamba mudzatsuka mabotolo, kulemba ma lebulo ndi kunyamula makatoni, musanyansidwe, akukuyesani ngati mungadalirike ndi zazing'ono. Gulani hadikava imodzi muzilembamo chilichonse ndi deti yake, zomwe mwachita, mulingo wake, chomwe chalakwika. Mukaphwanya chinthu kapena kusokoneza ma sampulo nenani nthawi yomweyo, sampulo yosokonezeka nkubisidwa imaononga ntchito ya miyezi ndipo zikadziwika dzina lanu lathera pomwepo, dziko lathu la sayansi ndi laling'ono anthu ake amadziwana onse. Ikafika sabata yachitatu pemphani ka funso kanukanu kakang'ono koti mukatsatire mpaka kumapeto, kameneko kakhoza kudzasanduka pulojekiti yanu ya chaka chomaliza. Ndipo musanachoke pemphani kalata ya umboni akadakukumbukani nkhope, logibuku ya kusukulu isainidwe sabata ndi sabata osati kuthamangitsa anthu tsiku lomaliza.

Nanga a ku sekondale? Kunena zoona ma labu akuluakulu sakonda kulandira mwana wosakwana zaka 18, nkhani ya chitetezo ndi malamulo, nde musataye nthawi kulembera ma bungwe aja. Koma kafukufuku sayamba ndi jasi loyera. Tengani funso la pakhomo panu, mwachitsanzo chitetezo mbaula imapulumutsadi nkhuni zochuluka bwanji poyerekeza ndi mafuwa atatu? Bwerekani sikelo, yezani nkhuni musanayatse ndi zotsala, madzi akhale malita ofanana, poto yemweyo, nkhuni za mtengo umodzi, mubwereze kasanu mbali iliyonse nkulemba zonse, basi mwachita kafukufuku weniweni woposa ma ripoti ena ndinawaonapo ku koleji. Kapena bzalani njere 100 za chimanga chosunga chaka chatha ndi 100 za chogula muwerenge zomera. Kapena sungani chimanga chofanana mu thumba wamba ndi mu thumba la PICS muone anankafumbwe pakatha miyezi itatu. Kapena muziwerenga mbozi zija zinavuta kuyambira 2017 pa mapesi 20 sabata iliyonse m'munda mwa agogo. Chinsinsi chake ndi kusintha chinthu chimodzi chokha, kubwereza, ndi kulemba olo zotsatira zikukhumudwitseni.

Zimenezi mupite nazo kwa aphunzitsi a sayansi kalabu, muwafunse za National Schools Science Fair imene imachitikira ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu yanu itha kutumiza gulu. Ngati kalabu kulibe yambitsani, pamangofunika mphunzitsi mmodzi wovomera kukhala patironi. Alangizi a zaulimi a ku EPA kwanu ndi alangizi a zaumoyo nawonso amalola mwana wachidwi kuwatsatira tsiku limodzi kapena awiri makolo ndi ahedi akalemba kalata. Amene muli ndi foni ya kamera, iNaturalist imakulolani kujambula zomera, agulugufe ndi mbalame za kwanu, akatswiri a kunja nkumakuuzani mayina ake, ndipo zithunzizo zimalowa mu data imene asayansi amagwiritsadi ntchito. Gulu lokonda fizikisi lomwe lili ndi mphunzitsi wolimba mtima lingayese Beamline for Schools, mpikisano wa CERN, labu yaikulu ya fizikisi ku Ulaya, umene unayamba 2014 ndipo ndi wa ana a sekondale a dziko lililonse, mumalemba ganizo la ekisiperimenti opambana nkukaichita ku labu yeniyeni ku Ulaya. Yale Young African Scholars si ya labu koma ndi yaulere ndipo imathandiza kudziwa kafunsiridwe ka malo ku ma yunivesite akunja. Ndipo inu amene mwalemba MSCE mukudikira selekishoni, miyezi yonse ija mukungokhala pa shopu ya amalume, imeneyo nde nthawi yophunzira Excel ija.

Za kunja ndazisiyira kumapeto dala chifukwa ndi zimene zimadyera anthu bandulo ndi mtima. Mukasaka pa Google mupeza mindandanda italiitali ya ma intanishipi a sayansi, koma yambiri analembera ana a ku America. Musanawerenge china chilichonse pitani pomwe alemba za oyenera kufunsira. Ma intanishipi a kafukufuku otchedwa REU a National Science Foundation ndalama zake ndi za nzika za America ndi okhala kumeneko mokhazikika, RISE Germany ya DAAD ndi ya ophunzira a m'ma yunivesite a ku America, Canada, Britain ndi Ireland, nde olo mulembe kalata yokoma bwanji sakuwerengani. Ndinaonapo mnzanga atatha sabata yathunthu akukonza kalata ya pulogalamu yoti mzere woyamba weniweni unkanena kuti iyeyo sakuyenera.

Zotitsegukira ife zilipo, zochepa koma zenizeni. CERN ku Geneva ili ndi Summer Student Programme ya masabata 8 mpaka 13 ya a fizikisi, kompyuta, masamu ndi uinjiniya amene amaliza zaka zitatu za ku yunivesite, amalandira ndi ochokera m'mayiko omwe si mamembala, ndipo amatseka cha kumapeto kwa January. Yunivesite ya OIST ku Okinawa ku Japan imatenga ma intani a miyezi ingapo kawiri pa chaka, ndege ndi pogona amalipira okha. Yunivesite ya KAUST ku Saudi Arabia ili ndi ya miyezi 3 mpaka 6 koma imafuna ma giredi apamwamba zedi. A kompyuta simufunikanso pasipoti, Google Summer of Code ndi ya aliyense wa zaka 18 kupita mtsogolo ndipo mumagwira muli kwanu, Outreachy ndi ya miyezi itatu ndipo amalipira madola 7,000, kungoti onsewa amafuna muyambe mwathandizako pa pulojekiti yawo musanasankhidwe, nde kuyamba sabata ya dedilaini ndi kudzinamiza. Pa Zindi pali mipikisano ya data ya mavuto a mu Africa muno yoti muziyeserapo dzanja, ndipo kuno kwathu African Drone and Data Academy imene inatsegulidwa 2020 imaphunzitsa za ma droni ndi mapu. A masamu mukamaliza digiri kumbukirani AIMS, masitazi yake ndi yolipiriridwa zonse, ili ku South Africa, Ghana, Senegal, Cameroon ndi Rwanda.

Zopita kunjazi zimafuna zinthu zitatu zomwe kuno sizituluka tsiku limodzi, transcript ya chidindo, pasipoti, ndi makalata awiri a umboni amene ma lekichala amatumiza okha pa intaneti. Transcript ipempheni semesita ikangoyamba, pasipoti muiyambe musanadziwe nkomwe ngati akutengani. Ma lekichala auzeni kutatsala mwezi, muwatumizire CV yanu ndi linki, muwakumbutse kutatsala sabata kenako kutatsala masiku awiri, ndipo inu mwini musadikire usiku womaliza chifukwa ndi usiku umenewo magetsi amazima netiweki nkuthawa. Mu fomu ya ku Okinawa kapena ku Geneva muja muli bokosi lofunsa kuti munachitapo kafukufuku wanji, ndipo mmenemo ndi mmene mudzalembe za masabata asanu ndi limodzi aja munkayeza mtedza ku Chitedze, ndi dzina la amene ankakuyang'anirani.